Moto Umene Tinabisa M'khoma

Simbi ya amayi inali ya makala, yolemera moti ndinkainyamula ndi manja awiri, ndipo pachivundikiro pake panali katambala kachitsulo kamene munthu ankakankha kuti simbiyo itsekeke. Katambalako kanali katada ndi mwaye, koma pamutu pake pankanyezimira chifukwa cha chala cha amayi. Ndi simbi imeneyi amayi ankasita mayunifolomu a anamwino a kuchipatala cha mishoni, ndipo ndi yomwe inkatidyetsa abambo akakhala ku maesiteti a fodya, komwe ankapita mvula ikamayamba n'kubwerako fodya atatha kugulitsidwa. Simbiyo idakalipo, ili pansi pa bedi kwanga kuno, yadzimbiri. Ana anga amafuna kuitaya, ine ndimawakaniza, koma sindinawauzepo kuti tsiku lina simbi imeneyi inasita chinthu chimene sichinali chovala.

Nyumba yathu anthu ankaitcha Khasu. Abambo anali mkamwini, ndipo abale a amayi powalozera malo omangapo anawalozera kumtunda, pakati pa miyala itatu ikuluikulu, pomwe panalibe wina akanadzalapo ngakhale nyemba. Abambo sanadandaule, anangomanga motsata miyalayo. Ndiye nyumba inatuluka yotambalala kukhomo, n'kumka nichepa chakumbuyo mpaka kukathera pathanthwe, ndipo thanthwe lomwelo ndilo linali khoma lakumbuyo. Inali ndi makona asanu, osafanana ngakhale awiri. Malata anachita kuwadula chopingasa, ndiye pokumanira malata ndi khoma panatsala mipata yoti dzanja langa linkalowa. Anthu opita kudimba ankaima panjira n'kumafunsana mokweza kuti kodi mpini wake adzaika liti.

Amene sanagonepo kumapiri a Dedza mu Juni asandiuze za chisanu. M'mawa nkhungu inkatsika m'phiri n'kukhala pakhomo mpaka dzuwa litakwera, udzu uli mbuu, madzi a mumtsuko akuluma mano. M'nyumba mwathu malata ankatuluka thukuta, madontho n'kumagwera pabulangete. Thanthwe lija ukalikhudza, kuzizira kwake kunkafika m'chigongono. Mphepo inkalowera kumbali yotambalala, n'kupanikizika kumbali yopapatiza, n'kumaimba likhweru. Zaka zonse tinkangopirira. Tinkasonkha moto waukulu pakati pa nyumba, utsi n'kumatitulutsa misozi, ndipo nkhuni zimene ine ndi amayi tinkasenza kuchokera kutali zinkatha ngati tikuwotcha njerwa.

Koma chaka chimenecho, ine ndili sitandade 5, amayi anabereka mlongo wanga, mwana wamwamuna, masiku asanakwane. Anabadwa mu Meyi, kakhanda kosadzaza manja awiri a munthu wamkulu, kolira mawu osamveka panja. Namwino wamkulu, yemwe amayi ankamusitira zovala, anawaperekeza mpaka pageti n'kuwauza mawu amene amayi anawabwereza nyengo yonseyo: “Mwanayu adani ake ndi awiri, mphepo ndi utsi.” Tsono m'nyumba ya Khasu ukathamangitsa mphepo ndi moto, utsi unkadzaza. Ukazimitsa moto, mphepo inkalowa.

Amalume anali atangobwera kumene kuchokera ku Joni, komwe anakhala zaka zambiri moti ine sindinkawadziwa nkhope. Anabwera ndi jekete lachikopa, wailesi, ndi chizolowezi chimene mudzi sunachikonde: ankayankha chilichonse chimene afunsidwa, mokweza, akuseka. Kwathu masiku amenewo munthu akakufunsa komwe ukupita unkati “pompano,” ngakhale ukupita ku Boma. Amalume ku Joniko sankalowa mumgodi. Ankagwira ntchito m'chipinda chosungiramo nyama ya anthu a mumgodi, chipinda chozizira ngakhale kunja kutenthe bwanji, ndipo ankati makoma ake anali awiriawiri, pakati atapakiramo zinthu zopepuka. “Ngati khoma lingasunge chisanu m'kati, lingasungenso kutentha,” ankatero. “Khoma silisankha.” Monga mwini mbumba, anaima pakati pa nyumba, kuyang'ana kakhandako, kuyang'ana malata, n'kunena kuti mawa ayamba.

Ntchitoyo inatenga masabata atatu. Anadula nsungwi kumtsinje, n'kuziimika m'kati mwa nyumba motalikirana ndi khoma lakale ngati chikhatho chimodzi, kulukira zina chopingasa, n'kumata dothi. Mumpata wapakatiwo ankathiramo utuchi umene ankakatuta panjinga kumakina ochekera matabwa kunkhalango ya paini, atausakaniza ndi masamba a paini ouma. Kunsi kwa malata anayala masaka ndi mphasa zakale kuti thukuta lija lisatigwerenso. M'nyumba ya makona anayi ntchito imeneyi ikanatha sabata imodzi, koma mu Khasu nsungwi iliyonse inkafuna muyeso wakewake. Ankadula, kuyesa, kupeza kuti yatalika, kudulanso, n'kupeza kuti yafupika. Ankang'ung'udza kuti alamu awo anamanga nyumbayi ataledzera, chikhalirecho abambo sanalawepo mowa. Fungo la utomoni wa paini linalowa m'zovala zathu, m'tsitsi, ngakhale m'madzi akumwa.

Vuto linali kumbali yopapatiza, kuthanthwe, ndi m'mipata ya kunsi kwa malata. Kumeneko utuchi sunkakhala, unkangoyoyoka. Amalume anapita kumishoni n'kubwerako ndi mtolo wa manyuzipepala akale omwe wophika wa kumeneko anawapatsa, ndipo ntchito yowafinya inali yanga. Ndikaweruka kusukulu ndinkakhala kuseri kwa thanthwe, padzuwa, kutenga pepala limodzilimodzi, kulifinya kukhala kampira, n'kumaponya mudengu. Manja ankada bii ndi inki. Ndinkanyada kwambiri, chifukwa zala zanga ndi zomwe zinkalowa m'makona momwe dzanja la amalume linkakanika, ndipo ndinkakanikiza timipirato ndi kandodo mpaka mphepo itasiya kuimba.

Apa ndiyenera kuima, chifukwa amene anabadwa pambuyo sangaone choopsa pa mwana wofinya pepala. Masiku amenewo nyuzipepala iliyonse inali ndi nkhope ya mtsogoleri patsamba loyamba, nthawi zina ndi m'kati momwe. Nkhope imeneyo sinkafinyidwa, sinkakhaliridwa, sankakulungiramo nsomba. Ogulitsa pamsika ankayamba achotsa tsambalo, kulipinda bwino, n'kulisunga. Bambo wina wogulitsa matemba pamsika wathu anaiwala tsiku limodzi, ndipo galimoto inabwera kudzamutenga. Ife ana tinauzidwa kuti wapita kukagwira ntchito kutali, ndipo sitinamuonenso. Ine ndinkadziwa kuti chithunzi cha m'kalasi ndi nsalu ya amayi yovinira n'zaulemu, koma pepala lakale ndinkaliyesa pepala basi. Amalume anali atakhalitsa kunja. Amayi, omwe akanatiletsa ndi diso lokha, anali kumbali yakukhomo, kakhanda kali pachifuwa, osadzuka. Ndiye tinapakira nkhope zambirimbiri zofinyika m'khoma, tikuimba nyimbo.

Ndipo nyumba inafunda. Izi ndisabise, pakuti amalume anali ndi nzeru, chimene analibe ndi mantha okha. Madzulo ankawotcha miyala iwiri kukhitchini, kuiika m'phale, n'kuilowetsa m'nyumba, ndipo kutentha kwake kunkafika m'mawa popanda utsi ngakhale pang'ono. Nkhuni zimene kale zinkatha tsiku limodzi zinayamba kutifikitsa masiku atatu. Kakhanda kaja kanayamba kuyamwa mwamphamvu, kulira kwake n'kumamveka panjira. Munthu akafunsa kuti khoma lachiwirili n'lachiyani, amalume ankaseka n'kuyankha kuti, “Tabisamo moto, Juni asaupeze.”

Ofunsawo anali ambiri, ndipo sanali ofuna kuphunzira. Amayi a m'mudzi ankabwera kudzaona mwana, kumuyang'ana kamodzi, kuyamikira, kenaka n'kutsamira khoma n'kumaligogoda ndi chala chakumbuyo ngati mwangozi. Mayi wina wakunsi kwathu ankabwera kudzapala moto katatu patsiku, utsi ukufuka kukhitchini kwake ife tikuuona. Atcheya a chipani a m'dera lathu anabwera kudzaona makhadi athu a chipani omwe anali atawaona kale sabata yatha. Anazungulira nyumba kunja akuwerenga mapazi, n'kulowa, n'kuwerenganso m'kati. Kenaka anaima pakhomo n'kunena ngati akudziyankhulira okha kuti, “Nyumbayi kunja ndi yaikulu, m'kati ndi yaing'ono. Kwinako kwapita kuti?”

Malire a Mozambique anali pafupi, ndipo kumeneko kunali nkhondo. Mphepo ikachokera kumadzulo tinkamva kugunda kwakutali, ndipo anthu ankaoloka ndi akatundu pamutu, osayankhula chinenero chachilendo, koma achilendobe. M'zaka zimenezo mawu akuti moto anali ndi matanthauzo awiri. Akuluakulu akanong'onezana kuti uje ali ndi moto, sankanena wa pamafuwa, ankanena mfuti. Ine tanthauzo lachiwirili sindinkalidziwa. Ndinkangomva amayi akudula amalume pakati pa chiseko ndi mawu awiri okha: “Achimwene, pakamwa.” Munthu wobwera kuchokera kunja, wokhala pafupi ndi malire, womanga khoma kuseri kwa khoma, n'kumalengeza yekha kuti wabisamo moto, galimoto ija sikanachedwa kudziwa njira ya kwake.

Kukayikira ndi matenda opatsirana, ndipo inenso ananditenga. Ndinayamba kuyang'ana mapazi a anthu pozungulira nyumba yathu m'mawa, kuloweza amene anaima nthawi yaitali panjira. Koma munthu amene ndinkamukayikira kuposa onse anali aphunzitsi athu. Sanali a kwathu. Anali aatali, owonda, osaseka, ovala baji ya chipani pachifuwa tsiku ndi tsiku, ndipo ndiwo ankatitsogolera nyimbo tikamaguba. M'thumba la malaya munkakhala kabuku kakang'ono, ndipo mudzi wonse unkati m'kabukumo amalembamo mayina. Palibe anaonapo dzina lililonse m'menemo, koma kwathu zimenezo sizinkaletsa munthu kudziwa. Amayi anandiuza kuti za kunyumba ndisamaziyankhule pafupi ndi aphunzitsi, ndipo ndinamvera, sindinaziyankhule. Ndinazilemba.

Lachinayi anatipatsa chimangirizo, mutu wake “Nyumba Yathu.” Kwa zaka zonse anzanga ankandiseka za Khasu, ndiye apa ndinaona kuti nthawi yanga yakwana. Ndinalemba masamba awiri odzaza. Lachisanu m'mawa aphunzitsi anandiloza kuti ndiwerenge changa, poti ndinali wodziwa kuwerenga, ndipo ndinaimirira chifuwa chili patsogolo. Mawu oyamba ndimawakumbukira mpaka lero: “Nyumba yathu ili ndi makoma awiri. Amalume anga anabwera kuchokera kunja ndipo abisa moto m'khoma. Munthu akalowa sangauone.”

Ana aang'ono akutsogolo anaseka. Anyamata akuluakulu akumbuyo, ena a iwo atayamba kale kumera ndevu, sanaseke. Mwana wa atcheya, yemwe ankakhala pafupi ndi zenera, anasiya kusongola pensulo. Ndisanafike pachiganizo chachinayi, kope linali litachoka m'manja mwanga. Aphunzitsi anawerenga zotsalazo chamumtima, milomo ili yotseka, mpaka pomwe ndinadzitama za manyuzipepala amene ndinafinya ndi manja angawa. Kenaka anang'amba masamba awiriwo, kuwapinda, n'kuwaika m'thumba muja munali kabuku. Anatenga ndodo n'kundiuza kuti nditambasule manja.

Ndodo pa zala zozizira za mu Juni imapweteka mosiyana, imachita ngati yafika pafupa. Koma chimene chinandipweteka koposa ndi mawu awo, omwe anawanena mokweza, atatembenukira kuzenera. “Moto sukhala m'khoma, khoma lingapse. Mwana uyu ndi wabodza, amalemba zopeka kuti aoneke wanzeru. Nonse mwamva? Ndi wotani?” Kalasi lonse linayankha pamodzi kuti, “Wabodza!” Anawabwerezetsa katatu. Dzina limenelo linandikakamira mpaka ndinachoka pasukulupo, ndipo ndinawada aphunzitsi ndi chidani chimene mwana yekha ndi amene angachikwanitse.

Ndinafika kunyumba manja nditawabisa m'khwapa. Dzuwa litangopendeka, tinamva odi. Anali aphunzitsi, ataima pabwalo, makope ali m'khwapa. Ndinadziwa kuti abwera kudzationetsa chimene analemba m'kabuku. Sanalowe. Anayankhulira panja, mokweza, moti mayi wopala moto uja sanafunike kuyandikira. “Mayi, ndamva kuti kuno kuli manyuzipepala akale. Ndikuwafuna kusukulu, ndikongoletse kalasi ndi zithunzi. Onse, mayi, osatsala ngakhale limodzi. Ndipo akhale osalala.” Atatero anakakhala pamwala pafupi ndi njira n'kuyamba kuchonga makope, msana ali kwa ife.

Amayi anafunsa amalume kuti manyuzipepala ake ati. Amalume anaseka n'kuloza kukona. Amayi anandipatsira mwana, n'kupita kumbali yopapatiza, n'kusolola kampira kamodzi. Anakatambasula pang'onopang'ono, ndipo nkhope inatuluka, itakwinyika pamphumi, diso limodzi litalowa m'kati mwa mzere. Amayi anangokhala pansi pomwepo, miyendo ili tambalale. Sanakuwe, sanandimenye. Anayang'ana amalume, kenaka anati, “Kaikeni makala m'simbi.”

Zala zanga zotupazo zinafunikanso. Ndinalowa m'makona onse asanu, kusolola chimene ndinakanikiza ndekha, misozi ikugwera pautuchi. Amalume ankatambasula mapepalawo pamphasa, amayi n'kumawawaza timadzi, kuyala kansalu pamwamba, n'kusita chakumbuyo, limodzilimodzi, mosamala kuposa mmene ankasitira mayunifolomu. Nyumba inadzaza fungo la pepala lotentha ndi inki. Chala cha amayi chinkakankha katambala, kutsegula, kuuzira makala, kutseka. Aka kanali koyamba kuona amalume akugwira ntchito osaimba likhweru, ndipo m'malo mwawo mphepo inayambiranso kuimba kuthanthwe. Amayi anandilowetsa m'kona iliyonse kawiri, kenaka kachitatu. Dzuwa lisanalowe aphunzitsi ananyamula mulu wonse n'kutsika nawo kudzera pakati pa mudzi, akupereka moni kwa aliyense, nkhope yapamwamba ikuoneka kwa onse.

Loweruka m'mawa, nkhungu isanachoke, atcheya anafika ndi anyamata a chipani, makasu ndi chitsulo chokumbira zili m'manja. Mudzi wonse unabwera pambuyo pawo, amayi oona mwana aja ali patsogolo. Amayi anga anatulutsidwa pamodzi ndi khanda, atalikulunga m'mabulangete onse amene tinali nawo, n'kukakhala kuseri kwa mwala. Amalume anaimikidwa pakati pa bwalo, mnyamata mmodzi kumanja, wina kumanzere. Ndinaona kuti avala jekete lawo lachikopa ndi nsapato, ngati munthu woti ayenda ulendo.

Anagumula khoma lam'kati kona ndi kona. Ntchito ya masabata atatu inatha dzuwa lisanafike pamutu. Utuchi unakhuthuka mpaka m'akakolo, fumbi lake n'kumatuluka pakhomo. Anapeza masamba a paini, chisa cha mbewa, ndi pensulo yanga imene ndinaitaya mwezi wathawo. Atafika kumbali yopapatiza, mnyamata wina wowonda analowetsa dzanja mpaka m'phewa, n'kutulutsa kapepala kofinyika. Atcheya anakalandira, kukatambasula pabondo, kuyang'ana mbali imodzi, kutembenuza. Mbali ina kunali miyendo ya anthu osewera mpira, mbali ina kunali sopo. Anakayang'anabe nthawi yaitali, ngati nkhope ingatulukire m'sopomo.

Kenaka anayandikira amalume n'kufunsa kuti, “Nanga moto uja uli kuti?” Ndinadikira kuti amalume aseke, afotokoze za chipinda cha nyama ndi khoma losasankha, anthu onsewa achite manyazi. Koma amalume anayang'ana nsapato zawo n'kunena motsitsa mawu kuti, “Ndi mwanayu, bwana. Ndi wabodza. Ngakhale aphunzitsi ake akudziwa.” Anthu anatembenukira kwa ine. Wina anati inde, anamumenyera zomwezo dzulo kusukulu, winanso anati ana a masiku ano adzatiphetsa. Atcheya anandiloza ndi chala, anauza amayi kuti andilange, anasasa utuchi pathalauza, n'kumapita. Galimoto sinabwere tsiku limenelo, ndipo sinabwere konse.

Mlongo wanga anatsokomola masiku angapo, amayi osamuchotsa pachifuwa, koma anapulumuka. Lero ndi bambo wamimba yake, ndipo m'banja mwathu ndi iye amene amadandaula kwambiri za chisanu. Amalume anamanganso khomalo m'sabata imodzi, poti nsungwi zinali zoyesa kale, chitseko chili chotsegula kuti wodutsa aliyense aone chimene chikulowa. M'makona anapakiramo makoko a chimanga. Munthu akawafunsa kuti akupanga chiyani, ankati “palibe,” ngati munthu wa kwathu weniweni. Kwa ine sanapepese, ndipo ine sindinawayankhule mpaka dzuwa la Ogasiti.

Lolemba nditalowa m'kalasi ndinapeza makoma onse ali nkhope zokhazokha, zodulidwa bwino ndi lumo, zomatidwa ndi phala. Anzanga anaona zithunzi, ine ndinaona mizere ya zala zanga, chifukwa simbi inasalaza mapepala koma sinafafanize makwinya onse. Pakati pa sabata atcheya anabwera kudzaona, n'kuyamikira aphunzitsi pamaso pathu kuti ndi munthu wokonda dziko. Pamenepo nkhani yonse inalumikizana m'mutu mwanga, ndipo inalumikizana bwino zedi. Munthu uyu anandimenya, anandipatsa dzina, anatilanda mapepala kuti atamandidwe nawo, kenaka anatitumizira anthu a makasu. Ndinali ndi umboni wonse, ndipo sindinafunse munthu aliyense, pakuti kwathu sitinkafunsana.

Mu Julayi amayi anatuluka koyamba kupita kudimba, mwana ali kumbuyo, n'kukumba mbatatesi zoyamba. Anazikhuthula pabwalo n'kukhala pansi kusankha. Zing'onozing'ono ndi zobooka ndi khasu anaziika pambali kuti ndi zathu. Zinazo anazitsuka imodziimodzi, kuzipukuta, kuziika mudengu, n'kuvundikira ndi kansalu kaja ankasitira. “Kapereke kwa aphunzitsi,” anatero. “Udzere kuseri kwa tchalitchi. Usanene kalikonse, ungopereka.” Masiku amenewo zikomo wina sankanenedwa pakamwa, chifukwa womumva akanafunsa kuti zikomo wa chiyani.

Nditabwerako amayi anandifunsa ngati alandira, ndipo ndinati alandira. Anafunsa kuti anati chiyani, ndinati palibe. Amayi anagwedeza mutu n'kunena kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Limeneli ndilo linali bodza langa loyamba lenileni, ndipo palibe anandimenyera. Teremu itatha aphunzitsi anasamutsidwira kwina, sindinawaonenso, ndipo amayi anakalamba mpaka kumwalira akudziwa kuti dengu lawo linafika.

Dengulo silinapitirire pamlatho wamitengo wa kunsi kwa tchalitchi. Ndinalitula pamenepo, kuyang'ana uku ndi uku ngati mmene ndinaphunzirira nyengo imeneyo, kuchotsa kansalu, n'kulipendeketsa. Madzi anali oyera ndi ozizira, moti ndinaziona mbatatesizo zikumira imodziimodzi mpaka pamchenga. Mtima wanga unali mbee, ndikuti ndabwezera zala zanga, khoma lathu, ndi chifuwa cha mlongo wanga. Chimodzi chokha ndi chimene chinkandivuta ndikubwerera kumtunda ndi dengu lopanda kanthu: sindinkamvetsa chifukwa chake amayi anasankha zazikulu zokhazokha.